Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mmene wachinyamata waulumali angadziyankhulire yekha, kenako n'kutsogolera anzake

Ine ndimayendera ndodo ziwiri kuyambira ndili sitandade 3, ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri ndikukula si miyendoyi ayi, koma zija zoti ndili pomwepo munthu n'kumafunsa mayi anga kuti "kodi ameneyu akufuna chani?" ngati ine ndi thumba la chimanga labwera kuchigayo. Kuchipatala zomwezo, kutchalitchi zomwezo, olo pogula nsapato zanga zomwe. Choipa chake umazolowera, umayamba kudikira kuti wina akuyankhulire, mpaka umafika zaka 20 usanalowepo muofesi wekha kukanena vuto lako. Ndiye zomwe ndalemba apazi ndi za inu anzanga amene mwatopa nazo zimenezi koma simukudziwa poyambira. Si zochokera m'kalasi ayi, ndi zomwe ndaphunzira pogogoda zitseko, zina zinatseguka zina mpaka lero zili gwa.

Poyambira: sandutsani dandaulo kukhala pempho

Apa ndi pamene ambirife timagwera. Timalowa muofesi ndi mawu akuti "ife aulumali timasalidwa, palibe amatiganizira", zomwe ndi zoona ndithu, koma bwana uja amangogwedeza mutu, n'kunena kuti pepani tamva, inu n'kutuluka opanda kanthu chifukwa simunamupatse chochita. Dandaulo limathera pa pepani. Pempho limafuna eya kapena ayi, ndipo ayi ndi wovuta kumutchula pamaso pa munthu.

Ndiye musanapite kulikonse khalani pansi mudzifunse kuti chenicheni chikunditchinga ndi chani, nanga chitasintha chani kuti nditha kuchita zomwe anzanga akuchita. Yankho likwane mu chiganizo chimodzi. Ngati muli ndi khungu lachialubino ndipo maso amavuta, pempho lanu ndi loti muzikhala kutsogolo pafupi ndi bolodi, mayeso akulembereni zilembo zikuluzikulu, komanso akuloleni kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali olo yunifolomu ikukana, ndipo asamakuimikeni padzuwa nthawi ya asembule. Ngati mumayendera njinga ya aulumali, mwina ndi loti kalasi yanu itsike pansi, kapena chitseko cha chimbudzi chikulitsidwe. Ngati simumva, ndi womasulira chinenero cha manja, kapena pakasowa womasulira adokotala azikulemberani papepala mmalo mongokuwa ngati kukuwako kuthandiza. Ngati muli ndi khunyu, mwina ndi loti abwana ndi anzanu a pantchito adziwe chochita mukagwa, asakuikeni supuni mkamwa kapena kuthawa poganiza kuti n'zopatsirana.

Mukapeza chiganizocho chiyeserereni mokweza, kaya mmanja ngati mumayankhula ndi manja, pamaso pa mchemwali wanu kapena mnzanu, kangapo mpaka mawu asiye kunjenjemera. Zikumveka zachibwana koma zimathandiza. Ndipo muganiziretu mmene mufotokozere ulumali wanu mwachidule, zochuluka bwanji zomwe mukufuna kunena ndi zomwe simukufuna, chifukwa anthu ena amafunsa mafunso oti sakuwakhudza, monga kuti munabadwa choncho kapena anakulodzani. Simukakamizidwa kuyankha zonse. Mayina onyoza aja monga napweri, mzungudala, chilema, mukawamva muofesi kapena mkalasi konzani pomwepo mofatsa, "dzina langa ndi lakuti, munditchule choncho", basi, osachita ndewu.

Chachiwiri: dziwaniko malamulo pang'ono

Simukuyenera kukhala loya. Zinthu zinayi zokha zikhale m'mutu. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 20, amaletsa kusala munthu pa zifukwa zingapo ndipo ulumali watchulidwamo. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2012 kunabwera lamulo la Disability Act, kenako mu 2024 lamulo latsopano la Persons with Disabilities Act linalowa mmalo mwake, ndipo ndi lomwe linabweretsa MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, mmalo mwa MACOHA ija tinaizolowera, yomwe inachokera ku lamulo la 1971. Chachinayi ndi mfundo ija a malamulo amati reasonable accommodation, kutanthauza kuti sukulu, kampani kapena ofesi ikuyenera kusinthako zinthu moyenera kuti inunso mukwanitse, ndipo kusinthako si chifundo, ndi udindo wawo.

Bwanji ndikuti mudziwe zimenezi? Chifukwa nkhope ya munthu imasintha mukatchula lamulo ndi chaka chake. Amasiya kukuonani ngati wopemphetsa wasochera. Ndipo wina akanena kuti nanga tisinthire munthu mmodzi, mukumbutseni kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 aliwonse a zaka 5 kupita mtsogolo ali ndi ulumali, ndipo a khungu lachialubino okha anaposa 134,000. Ngati pasukulupo muli nokha, funso ndi loti enawo ali kuti.

Chachitatu: pezani chitseko choyenera

Nthawi yambiri timaithera pa anthu oti sangasinthe kanthu. Alonda, asekilitale, aphunzitsi ongobwera kumene, onsewa akhoza kukumverani chisoni koma alibe siginecha. Alemekezeni ndithu, makamaka asekilitale chifukwa ndi amene amadziwa tsiku lomwe abwana amapezeka, koma funsani mwachindunji kuti nkhani ngati iyi amagamula ndani.

Kupulayimale mumayamba ndi aphunzitsi a kalasi, kenako ahedi, zikakanika a PEA, alangizi a maphunziro a m'dera, ku ofesi yawo ya TDC, kenako ku ofesi ya maphunziro paboma. Kusekondale pamwamba pa ahedi pali a ku divishoni. Nkhani ya mayeso a MANEB isakupezeni mochedwa, mapepala a braille, a zilembo zikuluzikulu ndi nthawi yowonjezera zimakonzedwa kutengera zomwe sukulu yalemba pa nthawi yolembetsa mayeso, ndiye nthawi yolembetsayo ikafika pitani nokha mukaone kapena akuwerengereni zomwe alemba pa dzina lanu, osadikira tsiku la mayeso kuti mukalire pakhomo la holo. Kuchipatala kuli a in-charge, ndipo m'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman wa pachipatala yolandira madandaulo a odwala, ambiri sitiidziwa. Za kumudzi monga mjigo wosafikirika, kulembedwa pa mtukula pakhomo kapena ntchito za chitukuko zimadutsira ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, kwa akhansala, komanso ku ofesi ya Social Welfare paboma.

Chachinayi, ndipo apa ndikhalitsapo: lembani kalata

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Pa koleji ina yomwe ndinkaphunzira, kalasi yathu anaiika mmwamba, masitepe awiri okhota, ndipo mvula ikagwa ankaterera. Teremu yonse ndinkadandaula pakamwa, kwa aliyense amene ndakumana naye pakhonde, onse ankati tiona. Anzanga anayamba kundinyamula, poyamba zinali zoseketsa, kenako ndinayamba kujomba masiku ena chifukwa chochita manyazi kunyamulidwa ngati mkwatibwi tsiku ndi tsiku. Mayi wina wa ku bungwe la anthu aulumali atamva anangondifunsa kuti kalata yako ili kuti? Ndinalibe. Ndinalemba usiku womwewo, mizere yosakwana 15, ndipo pasanathe milungu iwiri anasinthanitsa kalasi yathu ndi ina ya pansi. Palibe simenti inagulidwa, panalibe bajeti, anangosintha nambala ya chipinda pa taimutebulo. Teremu yonse ndinavutikira chinthu choti chikanatha ndi pepala limodzi.

Mawu apakamwa amauluka, komanso abwana amasamutsidwa, wobwera kumeneyo amati nkhaniyi sindikuidziwa. Kalata imalowa mufayilo ndipo fayilo imaopsa.

Kalembedwe kake n'kosavuta. Tsiku pamwamba, udindo wa amene mukumulembera, mutu wa nkhani mzere umodzi. Ndime yoyamba ndinu ndani ndipo mumapezeka pati. Yachiwiri vuto, ndi zitsanzo zenizeni zokhala ndi masiku, monga kuti sabata yatha ndajomba Lachiwiri ndi Lachinayi chifukwa cha masitepe, osati mbiri yonse ya moyo wanu kuyambira tsiku lobadwa. Yachitatu pempho lija la chiganizo chimodzi, ndipo ngati n'kotheka perekani njira ziwiri, yotsika mtengo ndi yokhalitsa, monga kusamutsa kalasi pano ndi kumanga rampu, njira yotsetsereka yopanda masitepe, chaka chamawa. Yomaliza nenani tsiku lomwe mudzabwere kudzamva yankho. Lamulo litchuleni mzere umodzi wokha, mwaulemu, musaopseze za kukhoti mu kalata yoyamba. Chichewa ndi chololedwa, musalephere kulemba chifukwa cha Chingerezi. Ngati kulemba kumavuta, uzani wina alembe zomwe inu mukunena, akuwerengereni, musaine kapena kudinda chala nokha.

Ndiye chinsinsi ndi ichi: makope awiri. Ina muwasiyire, inayo akudindireni chidindo cha ofesi ndi tsiku kapena wolandirayo asaine, mubwerere nayo kunyumba. Ijambuleninso pafoni. Akakana kudinda lembani nokha kuseri kwake dzina la udindo wa amene walandira, tsiku ndi nthawi. Gulani kope la masamba 40 lija likhale la nkhani zimenezi zokha, aliyense amene mwakumana naye ndi zomwe walonjeza muzilemba tsiku lomwelo.

Chachisanu: tsiku lokumana ndi abwana

Kupita ndi munthu n'kwabwino, pakhale mboni komanso mtima umakhala pansi. Koma nkhanga zinapangana kusanapse, mugwirizane muli kunyumba kuti woyankhula ndinu, iyeyo ntchito yake ndi kulemba, kumasulira kapena kukankha njinga. Makolo ndi amene amavuta apa, amatikonda ndipo anazolowera kutimenyera nkhondo kuyambira tili akhanda, ndiye musanapite auzeni mwaulemu kuti amayi lero ndiyese ndekha, ndikakanika ndikuyang'anani. Abwana akayamba kufunsa mnzanuyo, iye angoti "afunseni eni ake ali apa". Anzathu osamva, uzani abwana kumayambiriro kuti aziyang'ana inu osati womasulira.

Pali mayankho atatu amene mudzakumane nawo pafupifupi paliponse. Loyamba ndi chisoni, amapisa mthumba n'kukupatsani ya thiransipoti, nkhani n'kuthera pomwepo. Kulandira kapena kukana zili kwa inu, ine sindiweruza munthu pa ndalama ya kabaza chifukwa ndikudziwa mmene maulendo amatidyera ndalama ife, pena kondakitala amafuna ulipirenso mpando wa njinga, koma musadzuke pampando musanabwerere ku pempho lanu. Lachiwiri ndi "kulibe ndalama". Apa funsani kuti pa zomwe ndapemphazi ndi ziti zosafuna ndalama, tiyambe ndi zimenezo, ndipo zofuna ndalamazo zilowa liti mu bajeti. Chaka cha ndalama cha boma pano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye zokonzekera zimachitika miyezi ya m'mbuyo mwake, pempho la rampu lofika mu Meyi amaliuza kuti lidikire chaka chamawa. Lachitatu ndi "tiona". Limeneli musalilole kutuluka nalo, funsani kuti ndibwere liti bwana, Lachisanu likudzali kapena Lolemba, mpaka atchule tsiku, inu n'kulemba mu kope lija iwo akuona.

Za mkwiyo. Mudzakwiya ndithu, pena mpaka misozi, ndipo muli ndi chifukwa. Vuto ndi loti mukangokweza mawu nkhani imasintha, imakhala ya khalidwe lanu osati ya masitepe, mawa lake mumamva kuti aulumali ndi amwano. Sizachilungamo koma ndi mmene zilili. Pumani, bwerezani chiganizo chija.

Chachisanu ndi chimodzi: bwererani, ndipo zikakanika kwerani

Tsiku munagwirizana lija pitani, olo mutamva kuti abwana ali ku miting'i. Maulendo awiri atatu opanda yankho, lembani kalata yachiwiri yotchula yoyamba ija, kope ipite kwa wamkulu wawo komanso ku bungwe la anthu aulumali la m'boma lanu. Pamwamba pa apo pali MACODA, Malawi Human Rights Commission, ofesi ya Ombudsman pa nkhani zokhudza maofesi a boma, ndi Legal Aid Bureau ngati zafika pofuna loya ndipo mulibe ndalama. Facebook ndi wayilesi zimagwira ntchito koma zikhale zomalizira, mukhale ndi makalata anu mmanja ndipo mulembe zokhazo zomwe mungathe kuzitsimikiza.

Koma izi zonse si za nkhanza. Kumenyedwa, kugwiriridwa, kutsekeredwa m'nyumba, kuopsezedwa chifukwa cha khungu, zimenezo sizidikira kalata, ndi za kupolisi ku Victim Support Unit ndi kuchipatala tsiku lomwelo, olo wochitayo ndi wachibale amene amakusungani.

Chachisanu ndi chiwiri: lowani m'gulu

Mukapambana kankhani kanu kamodzi mudzaona kuti ena ayamba kukufunsani kuti munatani. Utsogoleri umayambira pamenepo, osati ku wekishopu. Fufuzani nthambi ya bungwe lomwe likukukhudzani, MANAD ya osamva, Malawi Union of the Blind ya osaona, APAM ya a khungu lachialubino, PODCAM ya makolo a ana aulumali, ndipo FEDOMA ndi yomwe imasonkhanitsa mabungwe ngati amenewa kuyambira 1999. A Social Welfare paboma angakuuzeni amene alipo kwanuko. Ngati kulibe, anthu asanu pansi pa mtengo ndi gulu kale.

Koma chonde musathere m'magulu a aulumali okhaokha. Lowaninso mu kalabu ya achinyamata ya m'dera lanu, kwaya, banki mkhonde, komiti ya ophunzira, chifukwa kumeneko ndi kumene kumagawidwa mwayi, maina opita ku maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, ngongole, maulendo, ndipo ngati mulibemo wa ife palibe amakumbuka.

Chomaliza: udindo, ndi misampha yake

Musathamangire utcheyamani. Ine ndimati yambani ndi ulembi, chifukwa mlembi ndi amene amaphunzira zonse, kulemba maminitsi, kukonza ajenda, kudziwa zomwe munagwirizana mwezi watha ndi amene sanachite zake. Usungichuma nawo umaphunzitsa, bola malisiti onse asungidwe ndipo ripoti liwerengedwe pagulu mwezi ndi mwezi, magulu athu ambiri amafa ndi K20,000 yosowa osati ndi adani akunja. Mukafika potsogolera msonkhano phunzirani kuyamba pa nthawi, kudula mwaulemu amene akuyankhula kosalekeza, ndi kutseka mfundo iliyonse ndi ndani achita chani pofika liti.

Msampha woyamba ndi kukhala duwa. Adzakuitanani m'makomiti kuti chithunzi chioneke bwino mu ripoti la opereka thandizo, mpando kutsogolo, fanta mmanja, koma ajenda simunaione ndipo mfundo anamanga kale dzulo. Mukaitanidwa funsani mapepala asanafike tsikulo, mumtundu womwe mungawerenge, funsani ngati muli ndi voti, ndipo mupite ndi mfundo imodzi yochokera kwa anzanu yoti ilowe mu maminitsi. Kumapeto funsani kuti yalembedwa? Mawu aja timakonda pa 3 Disembala, tsiku la anthu aulumali, akuti palibe cha ife popanda ife satanthauza kungopezekapo.

Wachiwiri ndi alawansi. Tisanamizane, tonse timaifuna, koma mukudziwa nkhope zomwezomwezo zomwe zimazungulira m'mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima chaka ndi chaka, kumudzi osabwerako ndi mawu olo amodzi. Lamulo langa ndi loti wapita ku wekishopu abwere adzafotokoze pa msonkhano wotsatira, ndipo ulendo winawo apite wina.

Wachitatu ndi wowawa kuunena: nafenso timasalana. M'magulu ambiri otsogolera amakhala ngati ine, amuna a ulumali wa miyendo, opita kusukulu, a m'tauni, oyankhula Chingerezi. Osamva amakhala pakona osadziwa zomwe zikukambidwa chifukwa palibe anaganiza za womasulira, atsikana amapatsidwa zophika, a ulumali wa kaphunziridwe ndi a matenda a maganizo sitiwaitana n'komwe. Ngati mukutsogolera phunziraniko chinenero cha manja olo moni ndi zilembo, a MANAD ali ndi dikishonale yake, ndipo pa zisankho onetsetsani kuti atsikana akupikisana pa mipando yeniyeni. Mayi Rachel Kachaje, amene ankayendera njinga chifukwa cha poliyo, anadutsa m'mabungwe omwewa kwa zaka zambiri asanakhale nduna ya za aulumali ndi okalamba mu 2013 nthawi ya a Joyce Banda. A Overstone Kondowe anatsogolera APAM kaye asanapambane chisankho chapadera ku Nkhotakota North East mu 2021 n'kukhala phungu woyamba wa khungu lachialubino m'dziko muno. Onsewa anayamba ndi misonkhano yotopetsa ija ya anthu ochepa.

Ndipo kuyambira tsiku lomwe mwalandira udindo khalani ndi wamng'ono amene mukuyenda naye kumaofesi, tsiku lina mumusiye ayankhule inu mutakhala chete. Ndondomeko ya achinyamata ya dziko lino imati unyamata umathera pa zaka 35, ndiye tisaone munthu wa imvi akuimirabe achinyamata aulumali.

Msonkhano wanu woyamba mukamaukonza, pitani pamalopo dzulo lake. Onani ngati njinga ingalowe pakhomo, lowani m'chimbudzi muone nokha, pezani mthunzi weniweni osati woti ukafika 11 koloko wathawa, mugwirizane ndi womasulira za thiransipoti yake, ndipo uthenga muutumize pawiri, wa mawu pa WhatsApp kwa osaona ndi wolemba kwa osamva. Amene alibe foni, wina adutse kwawo, ndipo akafika ayankhule ndi mwini wakeyo, osangosiya uthenga kwa makolo pakhonde.